Anganga Ankayankhula ndi Mbuzi

Tamanda, mulande foniyo mwanayo. Ndati mulande. Akalira alire, kulira nakonso ndi mawu. Kuyambira m'mawa Mwayi wakhala akuti "ba-ba-ba, da-da-da," akukuyang'anani kumaso mmodzimmodzi, inu n'kumati akusokosa, n'kumutseka pakamwa ndi tizithunzi tovinavina. Foni inayamba yamufunsapo munthu kuti wadzuka bwanji n'kudikira yankho? Bwera naye kuno, umukhazike pamphasa pakati pathupa. Iwe Yoweli, mpeni sagwira choncho, ukutaya chinangwa pamodzi ndi makoko. Makaka ake adzachokera kuti? Sendani, makutu sasenda nawo, angathe kumamva.

Agogo anu a Dayitoni mumawadziwa, mlongo wanga wamng'ono uja. Aja amene akaimirira pamaliro kuti alengeze uthenga, azimayi amayamba kuyala zitenje kuti agone. Pamsika pa Migowi amayamba ndi mtengo wa nandolo n'kukathera kwa Farao. Munthu ameneyo, ana inu, anatha zaka zitatu padziko pano osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Mukuseka. Ine sizinandiseketse, chifukwa kukhala chete kwakeko kunagwera ine.

Nyumba yathu inali kumtunda kuja, m'tsinde mwa Michesi, pamene pano pangotsala mtengo wa mango ndi miyala imene pankakhala nkhokwe. Tinalipo ochepa: ine, amayi, bambo, ndi anganga, amene anabereka amayi anga. Anganga anabwera kuno ali mtsikana kuchokera kutsidya kwa malire, wapansi, mtolo pamutu. Chichewa ankachimva ndithu, koma kuchiyankhula ayi, ankati chimawatopetsa nsagwada. Chawo chinali Chilomwe basi.

Koma kuyankhula kwake! Khanda la mwezi umodzi ankacheza nalo ngati mnzawo wa kumtondo. Ankaliuza kuti mvula yachedwa, kuti nkhuku ya uje yaswa anapiye, kuti mchere watha m'nyumba. Akatero ankakhala chete, n'kuliyang'ana, kudikira. Khanda likati "ng'aa," iwo amvekere, "Eya, nanenso ndimaona choncho." Ine ndinakulira kumsana kumeneko. Amayi ankati ndinayamba kutchula zinthu ndisanayende bwinobwino, ndipo ndisanakwane zaka ziwiri ndinali nditatukwana kale galu wa eni ake.

Masiku amenewo mawu onse amene mwana ankamva ankachokera m'kamwa mwa munthu amene akumuona ndi maso. Wailesi inali imodzi mudzi wonse, ya bambo wina wobwera ku Joni, ndipo mabatire ankawasunga ngati mankhwala. Kumtondo kunali nyimbo, kumtsinje kunali miseche, ndiye panali pophika kalongonda. Inu a tchipisi kalongonda mumangomuona wophikaphika m'beseni pamsika. Ameneyo amafuna tsiku lonse pamoto, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi akuzunguza mutu. Tsiku lonselo azimayi ali pomwepo, pakamwa posatseka, makanda ali pamiyendo akumeza nkhani. Sukulu ya mkaka yathu inali imeneyo, yopanda yunifolomu.

Bambo ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. Ankabwera mwezi ukatha, panjinga yakuda ya belu. Kumeneko anaona zowawa. Anzawo ankawaseka kayankhulidwe, n'kumawatcha Mnguru, dzina limene masiku amenewo munthu ankalichitira ndewu. Ukapitawo umene ankauyembekeza unapita kwa wina amene Chichewa chake chinali chosalala. Ndiye tsiku lina akudutsa pasukulu pathu anapeza ana atandizungulira, akuyeserera mmene ndinkatchulira mawu, ine ndikuwagenda miyala. Anafika kunyumba nkhope ili gwa.

Dayitoni atabadwa, bambo anati, "Uyu ndi mwamuna, adzayenda kutali. Asamve Chilomwe pakhomo pano mpaka Chichewa chitamukhazikika."

Apa pali mwambo umene inu simuudziwa, poti masiku ano mkamwini amadyera mbale imodzi ndi apongozi ake, n'kumajambulana nawo. Kale mkamwini ndi apongozi aakazi sankayang'anana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Choncho bambo sakanatha kukhala pansi ndi anganga n'kufotokoza bwinobwino za ku esiteti zija, ndipo anganga sakanatha kufunsa kuti kodi mukutanthauza chiyani. Mawu anadzera mwa amayi, ndipo mawu odzera mwa munthu amafika atauma. Amayi anangoti, "Akuti musamamuyankhule mwanayu." Anganga anangoti amva.

Bambo ankaganiza kuti anganga ayesetsa Chichewa chawo chothyokathyokacho. Anganga anamva kuti lilime lawo ndi lodetsa mwana. Ndiye analipinda n'kulisunga.

Tsono taganizani. Amayi m'bandakucha ali kumunda, chilimwe ali kudimba, nthawi zina ganyu mpaka ku Kaduya. Kubwera madzulo ali wefuwefu, kuyamwitsa akusinza. Ine kusukulu. Mwana tsiku lonse kumsana kwa anganga. Ankamusambitsa, kumudyetsa phala, kumudzoza mafuta a nsatsi mpaka kuwala. Panalibe mwana wosamalidwa ngati ameneyo m'mudzi monse. Koma zonsezo mwakachetechete, ngati anthu ali m'tchalitchi nthawi ya pemphero.

Ndikukumbuka ali ndi miyezi ingapo ankachita zomwe akuchita Mwayizi. "Ba-ba, ma-ma," dovu chuchuchu, maso pa anganga. Anganga n'kuyang'ana kumbali ataluma mlomo. Ine ndikaweruka ndinali ndi madzi otunga, ndi fulaye akundidikira kubwalo, khanda ndinalibe nalo ntchito. Mwana anaitana, anaitana, anaona kuti kulibe woyankha, anasiya. Inuyo mutamati odi pakhomo lomwelomwelo tsiku ndi tsiku popanda wokuyankhani, mungapitenso?

Zina zonse anachita nthawi yake. Anakhala pansi, anakwawa, anamera mano, anayenda dede. Mawu okha zii. Akafuna madzi ankakukoka chitenje n'kuloza mtsuko. Akakwiya ankadzigwetsa pansi. Ana anzake anamutcha Chete, mpaka akuluakulu omwe anayamba kumuitana choncho.

Ndiye mudzi unadzaza ndi madokotala. Uyu akuti munamuonetsa kalilole ali khanda. Uyo akuti munafulumira kumumeta. Wina akunong'ona kuti pali munthu wamumanga lilime, n'kumaloza ndi mlomo nyumba ya mnzake amene anakangana naye za malire a munda. Amayi anapita naye kwa mkulu wina kuseri kwa phiri amene ankadula kamtsempha ka pansi pa lilime. Mkuluyo anamukanula kukamwa, anati palibe chodula, n'kuwapatsa mizu yomutsukira m'kamwa. Mizuyo inangomutsegula m'mimba.

Kenako tinapita kuchipatala cha mishoni, ine ndi amayi, wapansi, mwana tikulandirana. Kamba wathu anali mbatata yootcha ndi chigubu cha thobwa. Kunalibe kabaza, kunalibe minibasi. Inu kukutumani pa Migowi pompa mumayamba mwafunsa ya njinga yamoto, ngati miyendo munabwereka. Koma ulendo umenewo ndimaukumbuka bwino. Mame m'miyendo, phiri likusintha mtundu dzuwa likamakwera, amayi akundionetsa midzi ya abale athu. Kuchipatalako namwino anaomba m'manja kumbuyo kwa mutu wa Dayitoni, mwana anatembenuka. Anagwetsa supuni pansi, anatembenukanso. Anati, "Akumva bwinobwino uyu. Muzicheza naye kwambiri." Amayi anangoti chabwino. Sananene kuti wocheza naye kunyumba anatsekedwa pakamwa. Nkhani za m'nyumba sankaziulula kwa munthu wovala zoyera.

Mawu a namwino amenewo ndiwo anandipha ine. Bambo atawamva anafunsa funso limodzi: ndani pakhomo pano ali ndi Chichewa cha kusukulu?

Ndinali Sitandade 4. Ndinali nditasiya sileti n'kuyamba kulemba m'kope. Tamanda, iwe makope umang'amba n'kumakulungira zitumbuwa, ine langa ndinkalinunkhiza. Kuwerenga ndinkaposa anyamata onse, aphunzitsi ankandiimika kutsogolo kuti ena amve, omwe aja ankandiseka. Ndinkafuna kudzavala zoyera ngati namwino uja.

"Elube," anatero bambo, "Lolemba supita kusukulu. Uzikhala ndi mlongo wako, uzimuphunzitsa kuyankhula."

"Mpaka liti?"

"Ukundifunsa ine choncho?"

"Ndikufunsa kuti mpaka liti, bambo."

Amayi ananditsina pantchafu. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Akadzayankhula udzabwerera. Ndanena pamaso pa amayi akowa."

Musandiyang'ane ndi chisoni, sindikuchifuna. Zimandipsetsa mtima mpaka lero, ndipo ndidzapita nazo kumanda zikundipsetsabe mtima. M'mawa uliwonse anzanga ankadutsa panjira ya kumunsi ija, akuitana, "Elube, tiye!" Patapita nthawi anasiya kuitana. Kusiyako ndiye kunawawa koposa.

Ndiye ndinati mwana ameneyu ayankhula, afune asafune. Njira yophunzitsira imene ndinkaidziwa inali imodzi, ya kusukulu. Ndinkamukhazika pansi pa mango, ine chiimirire ndi kamtengo m'manja. "Nena mbuzi. Mbu-zi." Iye maso tong'o. "Nena, iwe!" Ndinkamubisira chikho kuti anene madzi, iye n'kupita kukamwa madzi a abakha. Ndinamulonjeza chigumu. Ndinamuopseza ndi fisi. Dzinja linadutsa, tinadya maungu ndi mondokwa, tinakolola, chiperoni chinabwera n'kupita. Dayitoni chete. Chimene anaphunzira n'chakuti akandiona ndi kamtengo azithawira kumiyendo ya anganga.

Zinasintha nyengo ngati inoyi, yosenda chinangwa. Makaka tinkakayanika pathanthwe lalikulu kumtunda kwa nyumba, osati palata ngati mmene mukuchitira inu. Ine ndi anganga tinkayankhulana Chilomwe mwana akagona kapena akatalikira. Tsiku limenelo ndinaiwala kuti ali kumsana kwanga, ndinayamba kudandaula, anganga n'kumandiyankha, mpaka tinayamba kukangana. Ndinangomva mbereko ikupendekeka. Mwana anali atasuzumira paphewa panga, thupi lonse kwa anganga, maso ali pakamwa pawo ngati mmene galu amayang'anira munthu wakudya nyama.

Zimene tinanenazi tinanena m'Chilomwe. Ndikukuuzani m'Chichewa chifukwa inu simungamve, ndipo nanenso chambiri chinandithawa.

"Anganga, mwamuona? Yankhulani naye."

"Anandiletsa."

"Wokuletsaniyo ali ku Mulanje."

"Mawu ake ali konkuno. Mwana ndi wathu, koma mchere ndi sopo n'zake. Ndiponso lilime langa si lija lauve? Ufuna ndimudetse?"

"Ndiye ine ndikalambire pathanthwe pano? Anzanga akuphunzira masamu ogawa, ine ndikuphunzitsa chitsa!"

Anandigogoda ndi chinangwa pamutu chifukwa chotcha mwana chitsa. Koma njira yonse yobwerera kunyumba sananenenso kanthu, ndipo anganga akakhala chete chotero ndiye kuti m'mutu muli msonkhano.

Tinali ndi mbuzi yaikazi yamawangamawanga imene tinkaimangirira pachikhomo kuseri kwa khitchini. M'mawa mwake ndinapeza anganga atakhala pafupi nayo, lichero m'manja, Dayitoni pamiyendo. Anayamba.

"Iwe mbuzi, wadzuka bwanji? Ine ndi msanawu. Ili ndi lichero, mbuzi iwe. Izi ndi nyemba. Iyi yafumbwa, titaye. Iyi ndi yabwino. Wamva?"

Ndinati, "Anganga, mwayamba misala?"

"Anandiletsa kuyankhula ndi mwana. Za mbuzi sananene. Wina akamamvetsera nkhani za eni ake, limenelo ndi khalidwe lake loipa."

Mbuzi imeneyo inamva zambiri, ana inu. Nkhani zonse zimene anganga anasunga zaka zitatu zinathera pa iyo. Inamva za ulendo wochokera kwawo, mmene anawolokera mitsinje atagwirana manja. Inamva mayina a mitengo yonse ya m'phiri, wa nkhuni zabwino ndi wa utsi. Inamva nyimbo za kumtondo, ndi za amene anaba nkhuku ya abusa. Akanena ankaima n'kudikira yankho monga kale, mbuzi ili phee, ikungobzikula. Tsiku lina atadikira choncho, yankho linachokera pamiyendo pawo.

"Mee."

Anganga osatembenuka n'komwe. "Eya, mbuzi yanena zoona."

Dayitoni anaseka mpaka kugwa chagada. Ndinali ndisanamumvepo akuseka mokweza chotero. Anadzuka n'kunenanso "mee," anganga n'kuyankhanso, mpaka nyemba zinaiwalika.

Kamtengo kaja ndinakasonkhezera pamoto. Nanenso ndinayamba kuchita zomwezo m'Chichewa, popanda mbuzi. Popita kumtsinje ndinkangomuuza zimene tikuona. Uwu ndi mtsuko, wolemera. Uyo ndi nankabai, ukamuona ubise anapiye. Awa ndi matope, usaponde, waponda kale. Sindinkamuuzanso kuti nena.

Tsono mvetserani mmene zimayendera, poti mawa ndi mawa mudzakhala ndi anu. Kumva kumayamba, kunena kumatsatira. Tsiku lina anganga anauza mbuzi kuti, "Kanditengere chipande." Dayitoni ananyamuka, analowa m'khitchini, anabwera nacho. Tinayang'anana. Kenako ba-ba uja anamusiya ali khanda anabwerera, mwana wamkulu ndithu akulongolola zosamveka tsiku lonse, mawu akukwera ndi kutsika ngati munthu akukamba mlandu. Kenako mawu enieni, limodzilimodzi, oduka mitu. Mbuzi m'Chilomwe ndi epuri, iye ankati "puli." Ine ankanditcha "Ube." Mwana akadula mawu choncho musamuseke, Yoweli, ndiponso musamukhazike pansi kuti abwereze. Anganga ankangoti, "Eya, epuri," n'kupitiriza nkhani. Mwiniwake ankakonza yekha m'kupita kwa masiku.

Amayi atamumva analira, kenako anagwidwa ndi mantha. Mawu ake pafupifupi onse anali a Chilomwe, poti nkhani za anganga zinali zokoma kuposa zanga. A Chichewa anali ndi limodzi lokha, "iyayi." Ndipo mwezi unali kutha. Ndinayesa kumukonzekeretsa.

"Bambo akabwera uziti, moni bambo."

"Iyayi."

"Ndikugulira suwiti."

"Iyayi."

Loweruka masana tinamva belu la njinga. Dzuwa linali loswa mtengo. Anganga anazembera kuseri kwa nkhokwe monga mwa mwambo, n'kukhala chofulatira. Bambo anatsamiritsa njinga, anakhala pampando wawo pakhonde, thukuta lili kamukamu, akudzikupiza ndi chipewa. Ndinamukankha Dayitoni kumsana. Anabisala kumbuyo kwanga. Ndinamukankhanso, anathawa. Ndinangoti basi, zanga zada, mwezi wina pakhomo.

Osadziwa kuti wathawira kumtsuko. Tinangoona akubwera ndi chikho m'manja onse awiri, madzi akutayikira kumapazi, lilime lili panja pofuna kusamala. Mbuzi ija inali itauzidwa kambirimbiri mmene amalandirira munthu wochokera kutali. Anafika pamaso pa bambo, anakweza chikho.

"Atiithi, maahi."

Ndiko kuti, bambo, madzi.

Bambo analandira. M'chikhomo munatsala timadzi tochepa, ndi dothi lomwe, koma anamwa onse. Kenako anamuyankha. M'Chilomwe, ana inu. Osati liwu limodzi, mawu ambirimbiri, kumuthokoza ngati munthu wamkulu, kumufunsa ngati watunga yekha, kumutchula mayina a chibwana amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Ine ndinali nditaiwala mmene Chilomwe chimamvekera m'kamwa mwa bambo. Chinkatuluka chofewa, osati Chichewa chawo chija ankachiyenda ngati munthu wovala nsapato zothina. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka munthu akumina.

Ine sindinadikire kuti misozi ya anthu iume.

"Wayankhula. Lolemba ndikupita."

Bambo anachita ngati adzidzimuka kutulo. Anapukuta kumaso ndi chipewa.

"Wamuphunzitsa zimenezi ndani?"

Amayi anayang'ana pansi. Ine ndinati, "Mbuzi."

Anayang'ana mbuzi, anayang'ana nkhokwe. Ndinaona tsaya lawo likugwedera. Kenako anayankhula moyang'ana kudenga, mokweza kuti kuseri kumveke, mmene mkamwini ankayankhulira ndi apongozi ake.

"Mbuziyo ipitirize, isatope." Ndiye anatembenukira kwa ine. "Koma iwe ndinakutuma Chichewa. Chaka cha sukulu chayamba kale. Mufikitse Chichewa pamene pafika Chilomwepa, chaka chinacho udzapita."

Ndinapsa mtima, ndinakana kudya tsiku limenelo. Koma ndikuuzeni zoona, miyezi yotsatirayo ndiyo ndimaisowa kuposa ina yonse pamoyo wanga. Pakhomo panamveka ngati pakhomo. Anganga anasiya kunamizira mbuzi. Mvula yoyamba itagwa tinkatola ngumbi tonse atatu, Dayitoni akufuula dzina lake m'zinenero ziwiri, zina akuponya m'kamwa zamoyo. Madokotala a m'mudzi aja anayambanso, akuti mumusokoneza mutu ndi malilime awiri. Anasakanizadi kanthawi, liwu la uku ndi liwu la uko m'mpweya umodzi, kenako anazilekanitsa yekha. Akatembenukira kwa anganga, Chilomwe. Akatembenukira kwa ine, Chichewa. Mawu awiriawiri anasanduka atatuatatu. Ndiye inafika nyengo ya "ichi n'chiyani?" Kuyambira kum'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa, ichi n'chiyani, nanga icho, chifukwa chiyani. Anganga ankagwira mutu n'kumati, "Elube, tinatsegula chiyani kodi?" Koma akuseka, mano awo atatu aja ali panja.

Pokolola, Chichewa chake chinali chitaposa cha bambo. Ndinatulutsa yunifolomu m'thumba, inali itafupika, amayi anaimasula mpendero.

Nyengo yozizira anganga anadwala chifuwa. Dayitoni ankakhala pamphasa pawo tsiku lonse akuwauza nkhani, za mbuzi, za abakha, zabodza zokhazokha, iwo akuvomera ndi mutu. Sanachire. Nyimbo zawo zambiri zinapita nawo, poti ine ndinkaganiza kuti adzakhalapo mpaka kalekale, sindinazisunge. Patangopita masabata ochepa chiwaikireni, amayi, amene anali oyembekezera, anachira, mwana wamkazi.

Lamulungu lakuti mawa sukulu ikutsegulidwa, yunifolomu ili pachingwe, bambo anandiitana pakhonde. Sanandiyang'ane kumaso.

"Elube, ntchito imene wagwira pa Dayitoni aliyense akuiona. Mudzi wonse ukukutama. Anganga ako kulibe. Amayi ako ayenera kubwerera kumunda. Wakhandayu asadzachedwe ngati mlongo wake."

"Munalonjeza."

"Ndinalonjeza anganga ako ali moyo."

"Ndikanadziwa ndikanamusiya chete."

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangokhala choweramira pansi, akupotokola chipewa m'manja. Ndinakachotsa yunifolomu pachingwe isanaume.

Lolemba m'mawa amayi anandisiyira khanda n'kunyamula khasu. Ndinakhala nalo pakhonde, ana a sukulu akudutsa kumunsi, ena mwa iwo ang'onoang'ono amene ndinawasiya asanayambe n'komwe. Ndinalumbira mumtima kuti uyu sindimuuza liwu ngakhale limodzi. Ndimusambitsa, ndimudyetsa, koma pakamwa panga sadzapaona potseguka, bambo adzaone. Ndinapirira ndithu mpaka dzuwa linafika pamutu. Kanthu kakang'ono, kadazi, kali pamiyendo panga, kakungondiyang'anitsitsa osaphethira, ngati ndine wolakwa.

Ndinati, "Iwe, ukundidziwa? Ndine Elube. Wandidyera sukulu."

Kanakwinya pachipumi. "Ee."

"Usakane. Ndiwe."

"Ee-e!"

"Ukundiyankha mwano, ulibe ndi dzino lomwe?"

Kanaponya timiyendo, kanakweza mawu, nanenso ndinakweza anga. Ameneyo ndi agogo anu a Rozina a ku Kaduya. Mlandu tinauyamba tsiku limenelo, ndipo mpaka lero akukanabe.